Akakombo a M'makande

Mwezi wa Okutobala wafika, dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense kuno ku Angonia akuyang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa. Pa tsamba lathu lino mwezi uno sitikamba za munda waukulu wa chimanga kapena wa mbatatesi ayi. Tikamba za kadimba ka kuseri kwa nyumba, kamene mayi amadzalamo mpiru, anyezi ndi tomato, ndi maluwa ochepa oti akaike pa gome la m'tchalitchi Lamulungu. Tiyamba ndi kuulula cholakwa chathu, pakuti zimene tikufuna kunena tinaziphunzira mwa manyazi.

Chaka chomwe tinafika pa mpingo uno, agogo ena a chigwirizano, amene tsopano anatsogola kwa Ambuye, anabwera kunyumba ya abusa atanyamula kamtolo m'chitenje. Atakhala pamkeka anamasula kamtoloko, ndipo munali mitu isanu ndi itatu yonga anyezi wamkulu. "Abusa," anatero agogowo, "uyu si anyezi, amayi asakazingire ndiwo. Ndi akakombo anga."

Kenaka anatifotokozera mbiri ya maluwawo. Mu 1986, nkhondo itakula m'chigawo chino cha Tete, iwo anathawira ku Dedza monga anachitira anthu miyandamiyanda a kuno. Ambiri a ife tinali ana nthawi imeneyo, ndipo kuwerenga tinaphunzirira m'misasa ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo, ndipo agogowo anabwerera chaka chotsatira. Anapeza mudzi wonse uli tchire lokhalokha. Nyumba inagwa kalekale, nkhokwe palibe, ngakhale pomwe panali khomo sanathe kupazindikira. Koma nyengo ngati ino, moto wolusa utadutsa, anaona maluwa ofiira atatumphuka pa lupsa, atandanda mzere umodzi. Anali akakombo omwe anadzala ndi manja awo m'mbali mwa khonde nkhondo isanafike. Anakhala zaka 7 popanda wothirira, moto ukudutsa pamwamba pawo chaka ndi chaka, koma mitu yawo inali yamoyo pansi pa nthaka. Pa mzere womwewo ndi pomwe agogowo anamangapo nyumba yatsopano.

Ife tinalandira mphatsoyo ndi manja awiri, ndipo pofuna kuisamala koposa tinaiwononga. Kuseri kwa nyumba yathu kuli dothi lakuda la makande, pamalo otsika kumene madzi a padenga amathamangira. Tinati apa ndiye pachonde. Tinakumba maenje akuya m'mwezi wa Disembala mvula ili mkati, tinathiramo ndowe zaziwisi za ng'ombe, n'kukwirira mitu ija mpaka kusowa. Pofika Febuluwale masamba anasanduka achikasu, ndipo titafukula tinapeza mitu isanu itawola, ikununkha. Zomwe nkhondo ndi moto zinalephera kupha, abusa anazipha pa miyezi itatu. Agogo aja atabwera kudzaona sanakalipe. Anatapa dothi, nalifinya m'manja, n'kunena kuti, "Abusa, ana angawa mwawamiza m'madzi. Makande salimbana nawo, amawadyetsa." Mitu itatu yotsalayo anaizula okha, natiuza zochita. Zambiri zomwe tilembe m'munsimu n'zochokera kwa iwo, zina tinazimva kwa alangizi a zaulimi, ndipo taziyesa m'dimba lomweli.

Kudziwa dothi la pakhomo

Kuno kwathu tili ndi dothi lomata la mitundu iwiri: katondo wofiira wa kumtunda ndi makande akuda a kufupi ndi madambo. Pofuna kudziwa ngati dothi la pakhomo panu ndi lotere, tapani pang'ono, mulinyowetse, ndipo mulipote m'manja ngati mukupota chingwe. Likapoteka mpaka kupindika ngati chibangili osathyoka, dziwani kuti dongo lachuluka. Njira ina ndi kukumba dzenje lakuya masentimita 30 n'kulidzaza madzi madzulo. Mukapeza madzi akadali momwemo m'mawa mwake, pamenepo mutu wa kakombo sungakhale.

Akatswiri a za nthaka amati timibulu ta dongo n'tating'ono kwambiri, moti pangafunike toposa 500 kuti tindande kutalika kwa milimita imodzi. Chifukwa cha kuchepa kumeneku timathithikana, osasiya mpata woti madzi atsike kapena mpweya ulowe. N'chifukwa chake mvula ikagwa makande amamata khasu ndi mapazi, monga akulu ananenera kuti walira mvula walira matope, ndipo dzuwa likawala amauma gwa n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Koma tisaganize kuti dothi limeneli ndi losauka. Dongo limagwira chinyezi ndi chakudya cha mbewu kuposa mchenga, womwe umataya zonse mvula ikangogwa. Chimene makande amasowa ndi mpweya, pakuti mizu nayo imapuma, ndipo ikakhala m'madzi masiku ambiri imawola.

Pali zinthu zitatu zimene ambiri timalakwitsa. Choyamba ndi kulima dothili lili lonyowa kwambiri. Khasu limalisalalitsa ngati mmene woumba mbiya amachitira ndi dongo, ndipo likauma zibuma zake zimakhala ngati miyala chaka chonse. Dikirani mpaka chibuma chizifumbutuka mukachifinya. Chachiwiri ndi kuthiramo mchenga pang'ono poganiza kuti lifewa. Aliyense amene anaumbapo njerwa akudziwa chomwe chimatuluka ukasakaniza dongo ndi mchenga wochepa n'kuyanika padzuwa. Chachitatu ndi kutentha zinyalala. Mapesi, udzu ndi masamba zomwe timasonkha moto miyezi ino, kaya pososa kaya posaka mbewa, ndizo chakudya chimene dothi lathu likulira.

Mankhwala a makande ndi manyowa owola bwino. Unjikani mulu pamthunzi, muziika mosanjikiza udzu ndi mapesi oduladula, zotsalira za nyemba ndi mtedza, ndowe kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono, ndi dothi pamwamba. Muzithirira kuti muluwo uzikhala wachinyezi, muziutembenuza pakapita masabata angapo, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mudzapeza manyowa akuda, ofumbutuka, osanunkha. Amenewa akalowa m'dothi amamanga timibulu ta dongo kukhala timagulu ngati nyenyeswa za buledi, ndipo pakati pa timaguluto pamatsala mipata ya madzi ndi mpweya. Nyongolotsi zimabwera n'kuboola njira zawo, ndipo zimalima usiku ndi usana popanda malipiro. Mukatero kwezani bedi masentimita 20 kapena 30 kuchokera pansi, monga timachitira ndi mizere ya mbatata, ndipo likhale lopapatiza moti dzanja lizifika pakati popanda kupondapo. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma. Koma tinene zoona, chaka choyamba kusintha kumakhala kochepa. Bedi lathu linayamba kukumbika ndi manja pa chaka chachitatu, titathira manyowa nyengo iliyonse osadumphitsa.

Kadzalidwe ka akakombo

Tikudziwa kuti ena afunsa kuti, kodi maluwa amadyedwa? Sadyedwa, n'zoona, ndipo bedi la ndiwo lizikhala loyamba pakhomo. Komabe Ambuye mwini anauza ophunzira ake, anthu osauka ngati ife, kuti aphunzire kwa akakombo za chisamaliro cha Atate (Mateyu 6:28-30). Pakhomo la Mkhristu pasasowe kamzere kamodzi kongokondweretsa maso.

Mutu wa kakombo ndi nkhokwe. Masamba akakhala obiriwira amapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kuchitsitsira m'mutumo, ndipo chilimwe chikafika mbewuyo imagona ikudalira zomwe inasunga. N'chifukwa chake akakombo a agogo aja anapirira moto ndi dzuwa, ndipo n'chifukwa chakenso amatha kutulutsa duwa mu Okutobala nthaka ili youma gwa. Chimene mutuwo sungapirire ndi madzi oima.

Akakombo ofiira amene ali m'makomo ambiri kuno, omwe m'mabuku amawatcha amaryllis kapena Hippeastrum, kwawo kwenikweni ndi ku South America. Amenewa sakwiriridwa mozama. Khosi la mutuwo lizionekera pamwamba pa dothi, ndipo mitu italikirane masentimita 25 kapena 30. Pobzala ikani manyowa owola okhaokha, chifukwa ndowe zaziwisi zimatentha mizu ndi kuwoletsa mutu. Duwa likafota dulani phesi lake, koma masamba musawadule ngakhale aoneke osalongosoka, pakuti ndiwo akukonza duwa la chaka chamawa. Ana a Sande Sukulu akamalambula pa tchalitchi amafunika kuuzidwa zimenezi. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi mutu umodzi umabereka tiana m'mbali mwake. Fukulani m'chilimwe, masamba atauma kapena duwa litangofota, mulekanitse tianato, mugawireko anzanu.

Mulungu anatipatsanso akakombo athuathu a m'tchire. Pali wofiira wozungulira ngati mpira, amene amatumphuka pamthunzi mvula yoyamba ikangogwa. Pali oyera a mizere yofiirira a m'madambo, amene sadana ndi dothi lonyowa ngati anzawo. Palinso woyanga wa maluwa onga malawi a moto, amene amaphuka cha mu Disembala ndi Januwale, ndipo ndiye duwa la fuko la Zimbabwe. Apa tichenjeze makolo. Mitu ndi mizu ya maluwa onsewa ili ndi ululu, ndipo ya woyangayo ikhoza kupha munthu. Musaisunge kukhitchini pafupi ndi anyezi kapena mbatata, ndipo ana asamaiseweretse.

Adani a m'dimba

Mitu itatu ija itachira n'kuyamba kuswana, kunabwera mdani wina. Pali gulugufe wodera wouluka usiku amene amaikira mazira ake mounjikana kunsi kwa tsamba la kakombo. Mazirawo akaswa, timbozi timalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya tikutsika, ndipo tikakula timakhala mbozi zakuda za mizere yachikasu. Zikapanda kuletsedwa zimafika m'mutu n'kuudya m'kati, kunja ukuonekabe wabwino, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njira yomwe yatithandiza ndi yosalira ndalama. M'nyengo ya mvula timatembenuza masamba m'mawa uliwonse, kuphwanya mazira ndi chala, ndi kudula tsamba lililonse lomwe layamba kupyapyala ngati pepala, n'kukalitentha.

Ndiwo zamasamba nazo zili ndi adani awo. Nsabwe za m'masamba zimayamwa mpiru, repu ndi kabichi, makamaka nyengo yotentha ino. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mbewu, yang'anani kunsi kwa masamba, chifukwa nyererezo zimaweta nsabwe kuti zizimwa timadzi totsekemera tomwe nsabwezo zimatulutsa. Madzi osungunuliramo sopo wochepa, owazidwa madzulo, amazipha. Mbozi zodula mbande zimabisala m'dothi masana n'kudula tomato usiku. Fukulani ndi chala pafupi ndi mbande yodulidwayo, mudzapeza mboziyo itadzipinda. Nkhono zimatoledwa madzulo kapena mbandakucha. Chiswe chimakonda udzu wophimbira, choncho udzuwo usakhudze tsinde la mbewu, komabe tisachide kotheratu, pakuti timauna take timathandiza madzi kulowa m'makande. Mfuko ndiko kanyama kovuta, kamayenda pansi n'kudya mizu ndi mbatata mwini dimba osadziwa, ndipo mankhwala ake ndi msampha.

Ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zochokera ku America, zinayamba kuoneka kumadzulo kwa Africa mu 2016 ndipo zinafika m'dziko muno mu 2017. Kuyambira nthawi imeneyo tikuona mankhwala ophera tizilombo m'makomo ambiri. Ena timawagula m'misika, m'timabotolo topanda dzina. Otsala kumunda wa chimanga timabwera nawo kudimba la pakhomo, kuwaza pa mpiru lero n'kuthyola mawa. Abale, uku n'kudzipha tokha pamodzi ndi ana athu. Pa botolo lililonse lovomerezeka pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanathyole ndiwo, ndipo amene satha kuwerenga Chipwitikizi afunse mlangizi kapena mwana wa sukulu. Mankhwala asathiridwe m'botolo la zakumwa, asasungidwe pofikira ana, ndipo chigubu chake chisatungirenso madzi. Ngakhale masamba a ombwe, amene ambiri timaviika kuti tiwaze m'dimba, ndi ululu wopha nsomba, choncho zotsala zake zisatayidwe mumtsinje. Tikumbukirenso kuti mankhwala amphamvu amapha ndi abwenzi omwe, monga njuchi ndi tizilombo tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe. M'kadimba kakang'ono, maso a mwini wake ndi zala zake zimakwanira ntchito yambiri, bola azifikamo tsiku ndi tsiku.

Tisanafafanize dzina

Tsono n'chifukwa chiyani mbusa akudzaza tsamba la mpingo ndi nkhani ya manyowa ndi mbozi? Chifukwa china n'chakuti ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali yosamala munda (Genesis 2:15), kotero khasu silichititsa manyazi Mkhristu aliyense. Koma chifukwa chachikulu ndi ichi. Chaka chikupita kumapeto, ndipo posachedwa mabwalo a akulu a mpingo akhala pansi kuunika kaundula. M'kaundula aliyense muli maina a anthu amene sitinawaone pa Mgonero kwa nthawi yaitali: bambo amene anagwidwa ndi kachasu, mnyamata amene anapita kukafuna ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize nabwerako atasintha, mayi amene anaimitsidwa ndi bwalo ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pa tchalitchi. Pa bwalo lina lotere tinamva mkulu wina akunena za mbale wina kuti, "Abusa, ameneyu ndi makande, tangotaya naye nthawi." Mawuwo anatilasa mtima, chifukwa tinakumbukira mitu isanu ija.

Pa Luka 13:6-9 Ambuye Yesu anapereka fanizo la mkuyu umene mwini wake anafunapo zipatso zaka zitatu osazipeza. Mwiniyo anafuna kuti udulidwe, koma wosamala munda anaupemphera chaka chimodzi. Taonani kuti sanapemphe chaka chongodikira atapinda manja. Analonjeza kuti iye mwini adzakumba mozungulira mtengowo ndi kuthirapo manyowa. Fanizoli silichotsa chiweruzo, pakuti nkhwangwa ikadalipo, ndipo ife sitikunena kuti mpingo usiye kulanga tchimo. Mbozi ikalowa m'tsamba, tsambalo limadulidwa kuti mutu upulumuke. Funso lathu ndi lakuti, tisanafafanize dzina, ndani wa ife anakumbapo? Tinapitako kangati kunyumba kwa mbaleyo? Nanga tinapitako ndi chiyani? Nthawi zambiri timapita kamodzi, mkwiyo uli pakamwa, munthu akadali ndi bala laliwisi, monga wolima makande mvula ili mkati, ndipo timamusiya atauma kuposa kale. Ena timawatentha ndi ndowe zaziwisi, ndiko kunena kuti ulaliki wautali tsiku limodzi, kenaka chaka chonse osawapatsa ndi moni womwe.

Pa bwalo lija tinagwirizana kuti dzinalo likhale chaka china, ndipo akulu awiri anadzipereka kumapita kwa mbaleyo kawiri pa mwezi. Sankapita kukamuzenga mlandu. Ankacheza naye, anamuthandiza kufolera nyumba, ndipo ankapemphera naye akalola. Sitinganene kuti wabwerera. Miyezi yapita, ndipo chomwe taona n'chakuti tsopano amatulutsa mipando alendowo akafika, pamene kale ankazembera kuseri. Fanizo la Ambuye nalonso silitiuza ngati mkuyu uja unabala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukulitsa n'kwa Mulungu, monga Paulo anakumbutsa Akorinto (1 Akorinto 3:6-7). Gawo lathu ndi kukumba ndi kuthira manyowa, osafulumira kunena kuti pansi palibe moyo chifukwa pamwamba sitikuona tsamba.

Choncho tikupempha akulu a mpingo, atumiki ndi amayi a chigwirizano kuti bwalo la kaundula lisanakhale, aliyense atenge dzina limodzi, apite kunyumba kwa mwini dzinalo, ndipo apitenso kachiwiri ndi kachitatu. Pa bwalopo tidzayambe ndi kumva za maulendo amenewo, kenaka ndiye tikambe za cholembera.

Mitu itatu ya agogo aja tsopano yadzaza bedi lonse, ndipo tagawirako mabanja angapo. Akhristu a mpingo uno amene munaona maluwa ofiira pa gome m'sabata ya Tsiku la Mtendere, dziwani kuti ndi zidzukulu za akakombo omwe anadikira mwini wawo kuti abwere ku Dedza. Amene akufuna mitu afike kwa amayi busa maluwa akangofota, mvula isanakhazikike, koma tipempha kuti bedi likhale litakonzedwa kale, lokwera ndi la manyowa owola, kuti cholakwa chathu chisachitikenso pakhomo lina.

Ambuye adalitse makomo anu ndi madimba anu, natipatse mvula yabwino chaka chino. Tikumanenso mwezi wamawa pa tsamba lomweli, Mulungu akalola.